ZA MBIRI YA NAMADZI: MAU ONENEDWA PA MSONKHANO WA MAFUMU NDI MAMEMBALA

Komiti inatituma kuti tifunefune mutu uwu, wakuti cifukwa ninji dzina la Namadzi limveka moipa m'kamwa mwa anthu a kwina. Tsono zimene tapeza tazilemba m'kalata uyu, kuti iwo amene sanathe kufika lero, cifukwa ca maliro kapena nchito ya kumunda, akawerenge okha, kapena ana ao akawawerengere.

Tiyambe ndi kunena poyera zimene anthu anena, pakuti wobisa nthenda maliro amuulula. Ati pa Namadzi mpa akuba. Ati mpa mowa ndi ciwerewere. Ati munthu wa pa ulendo asatsikepo dzuwa litalowa. Ndipo ena, ofuna kuoneka anzeru, aonjezapo kuti zonsezi zicitika cifukwa pano palibe mwini wace, pakuti pakhala mitundu yosanganizika, Amang'anja, Ayao, Alomwe, Angoni ndi ena ocokera kutali. Ati mudzi wa mitundu yambiri ulibe mwambo. Mau awa sangopweteka m'makutu mokha iai. Mnyamata wa kuno akapita ku Limbe kukafuna nchito ya ulonda kapena ya m'nyumba, nachula kwao, bwana ayamba wamuyang'ana kawiri. Mwana wamkazi wa kuno akapeza mwamuna wa kwina, ankhoswe a kucimuna afunsa mafunso amene sakadafunsa pa mudzi wina. Munthu wa ndalama wofuna kumanga sitolo apitirira nazo ndalama zace ku Zomba. Mbiri yoipa iri ngati msonkho wina umene tipereka caka ndi caka osalandira ciphaso cace.

Za kusanganizika kwa mitundu sitidzacedwapo, pakuti yankho lace liri pafupi. Kodi ku Limbe kukhala mtundu umodzi? Kodi ku Zomba, kumene kunasonkhana asilikari ndi alembi a dziko lonse, kukhala mtundu umodzi? Ndiponso mitundu itatu imene icuruka kuno siiri yotalikirana monga anena anthu. Mmang'anja, Myao ndi Mlomwe onse awerengera mwana kwa amai ace. Onse adziwa mwini mbumba. Kwa onse mwamuna apita kukamanga nyumba kwa mkazi nakhala mkamwini. Onse sayesa ukwati kuti ndi ukwati ngati palibe ankhoswe. Inu Mafumu mudziwa bwino kuti pa bwalo lanu mlandu wa munda wa Mlomwe muuweruza ndi muyeso womwewo umene muweruzira wa Myao. Wina avina chopa, wina manganje, wina apemphera Lacisanu, wina Loweruka, wina Lamulungu. Koma maliro akagwa khasu lokumbira manda silifunsa mtundu. Cotero cifukwa ceni ceni tiyenera kucifuna kwina, ndipo ife taona kuti ciri m'zinthu zitatu zolukana pamodzi ngati cingwe: amene anayamba kulemba za malo ano, amene anatenga dziko lace, ndi mseu umene upyola pakati pathu.

Mbiri ya malo ano inayamba kulembedwa ndi alendo, ndipo inalembedwa m'caka ca tsoka. M'mwezi wa July 1861 Dr. David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie, pokwera kucokera ku Shire, anakomana ndi ulendo wa akapolo pa mudzi wa Mbame, namasula anthu 84. Ndi anthu amenewo anafika pa Magomero, mudzi wa mfumu Chigunda, pamene mtsinje wathu uno wa Namadzi ukhota nuzinga malo ngati cisumbu. Ndipo Bishopu anamanga pamenepo. Masiku amenewo anali a nkhondo. Ayao anali kufika kucokera kum'mawa, iwonso atapitikitsidwa kwao, ndipo anali kulimbana ndi eni dziko. Amishoni aja, amene anadzera mau a Mulungu, anatenga mfuti nakatentha misasa ya Ayao. Ndipo anthu othawa anaunjikana pa Magomero kufikira madzi anaipa, kamwazi nayamba kupha ana tsiku ndi tsiku. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 kumene Ruo athira mu Shire. Mnzace Henry Burrup anabwerera ku Magomero ali wodwala, namwalira m'mwezi wotsatira, ndipo manda ace ali kuno kwathu. Pofika April otsala aja anasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa, ndipo pambuyo pao panagwa njala yaikuru ya 1862 ndi 1863. Tsono taganizani, Mafumu, makalata amene anawerengedwa ku England onena za mtsinje wa Namadzi anali ndi ciani m'kati mwace: nkhondo, akapolo, kamwazi ndi njala. Za minda ya mapira ndi thonje imene inalipo kale, za osula makasu, za mafumu oweruza milandu mwa mtendere zaka zonse zija alendo asanafike, zimenezo zinapeza malo ocepa, pakuti mlendo alemba cimene camuopsa.

Patapita zaka 30 dziko lomwelo linagwa m'manja mwa banja la Bruce. Alexander Low Bruce anali mkamwini wa Dr. Livingstone, wokwatira mwana wace Agnes. Ndipo munda umene anauchula Magomero, pokumbukira amishoni aja, unali wa maekala oposa 160,000. Tinene bwino ciwerengero cimeneco, pakuti ana a lero sacimvetsa: munthu akadayenda tsiku lathunthu osaturuka m'munda wa munthu mmodzi. Kapitao wamkuru woyang'anira mundawo kuyambira 1893 anali William Jervis Livingstone. Anayesa khofi, khofi nakana. Anatembenukira ku thonje ndi fodya, ndipo mbeu zimenezi zifuna manja ambiri pa nyengo yomweyo ya dzinja imene munthu afuna kupalira cimanga cace.

Manja amenewo anacokera kuti? Anacokera kwa Alomwe, amene anayamba kuoloka malire kucokera ku dziko la Apwitikizi m'zaka zomwezo, pothawa msonkho wankhanza, cibalo ndi njala. Apa mpamene tipempha kuti mumve modekha, pakuti muzu wa citonzo uli pamenepa. Pamene Bwana Harry Johnston anapatsa Azungu makalata a umwini wa dziko, munalembedwa mau akuti midzi imene inalipo kale isavutitsidwe. Koma Mlomwe anafika pambuyo pace pa makalatawo. Cotero lamulo silinamudziwe. Mwini munda anamulandira ndi manja awiri, namupatsa pomanga nyumba, koma mtengo wace unali thangata. Mau awa akuti thangata kale anali mau abwino, onena kuthandizana pa nchito monga acita abale. Pa minda ya Azungu anasanduka dzina la nchito yokakamiza. Pa kalata panalembedwa mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi umodzi wa msonkho wa nyumba, koma miyeziyo inali kutalika monga afunira kapitao, pakuti munthu akalephera kutsiriza ndime yace tsikulo silinawerengedwe. Wokana anagwetseredwa nyumba napitikitsidwa, ndipo analibe kobwerera.

Anthu amenewa, amene thukuta lao linalemeretsa minda ya Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, ndiwo amene anapatsidwa dzina lacipongwe lija lakuti Anguru. Tilichula kamodzi kokha pano, ndipo tipempha cikhululukiro kwa abale athu Alomwe, koma tiyenera kulichula kuti tione nchito yace. Anthu anati ngakuba, ngodya zonyansa, ngopanda mafumu. Munthu wobvala ciguduli cifukwa malipiro ace sakwana nsaru, anamuyesa wauve wobadwa nao. Munthu wozula cinangwa usiku cifukwa munda wace unamera udzu iye ali ku thangata, anamuyesa mbala yobadwa nayo. Ndipo anansi ao akuda, amene anafika zaka makumi ocepa patsogolo pao, anaphunzira citonzo cimeneci nacibwereza, pakuti munthu woponderezedwa apeza mpumulo pang'ono akaona wina ali pansi pace. Lewis Mataka Bandawe, amene anamasulira Cipangano Catsopano m'Cilomwe, anasonkhanitsa anzace m'caka ca 1943, napempha Boma kuti dzina lija licoke m'makalata ace ndi kuti anthu achedwe Alomwe. Ndipo Boma linabvomera. Koma dzina licoka msanga pa pepala kuposa m'kamwa. Ife tikhulupira kuti theka la mau amene anenera Namadzi lero ndi mau omwe aja amene ananenera anthu a thangata, angosintha mwini.

Za caka ca 1915 simufuna kuti tikuphunzitseni, pakuti agogo a ena mwa inu anaziona ndi maso. Mbusa John Chilembwe anamanga mishoni yace ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe m'caka ca 1900, pafupi ndi malire a munda wa Bruce, ndipo anthu ambiri a thangata anali akristu ace. Eni munda sanalole sukulu kapena chalichi pa dziko lao, ndipo mu November 1913 nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe anamanga pamenepo zinatenthedwa. Usiku wa Loweruka pa 23 January 1915 anthu anafika pa Magomero napha William Jervis Livingstone ndi Duncan MacCormick, ndipo pa Mwanje anapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a Azungu anatengedwa, koma sanapwetekedwe, ndipo anabwezedwa amoyo. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa ca ku Mulanje. Chalichi lace lalikuru la njerwa linaphulitsidwa, midzi inatenthedwa, anthu oposa 30 anaweruzidwa kuti aphedwe, ndi mazana anaikidwa m'ndende. Bungwe lofufuza limene Boma linaika linapeza kuti macitidwe a pa munda wa Bruce anali ankhanza. Koma pa makonde a ku Zomba ndi ku Blantyre nkhani inatsala yakuti dera lino nla anthu oukira, odula mitu, osayenera kuwakhulupira. Boma linayamba kukondera mafumu amene linawayesa okhulupirika, ndi kukayikira munthu ali yense wakuda wobvala kolala ndi cipewa. Lero nkhope ya Chilembwe iri pa ndalama ya K500, ndipo pa 15 January dziko lonse lipuma nchito pomukumbukira. Cinthu cimene cinatipatsa dzina loipa candisanduka ulemu wa mtundu wonse. Cotidabwitsa ncakuti ulemuwo anautenga onse, koma citonzo anatisiyira ife.

Zotsatira tidzazichula mwacidule. Dr. Daniel Malekebu anatsegulanso mishoni ya pa Mbombwe mu 1926, ndipo mu 1929 kunabadwa Chiradzulu District Native Association, imene ife tiyenda m'mapazi mwace. Nkhani yace yaikuru inali yomweyi ya dziko. Lamulo la 1928 la anthu okhala pa minda ya Azungu silinathetse kulira. Sir Sidney Abrahams anadza mu 1946 kudzafunsa za dziko, nalangiza kuti Boma ligule malo osalimidwa. Njala ya 1949 inagwa anthu akali kudikira. Ndipo m'zaka za 1950 Boma linagula gawo lalikuru la munda wa Magomero niligawira anthu. Thangata anatha ndi lamulo la 1962. Koma dziko limene linabwezedwa linali lotopa kale, mitengo yace itatha ndi kuocha fodya, ndipo anthu anali atacuruka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, limene liri m'gulu la maboma ang'ono a dziko lino ndi opanikizana koposa. Mai amene analandira maekala ocepa anagawira ana ace akazi anai, ndipo iwo agawiranso ao, kufikira munda watsala ngati mphasa. Kale mnyamata wosowa polima anali kupita ku Wenela kapena ku minda ya ku Rhodesia. Njira ya ku migodi inatsekeka m'zaka za 1980. Tsono apite kuti? Atsikira ku mseu, ndi mbale ya nthoci kapena njinga ya kabaza, ndipo pamenepo mpamene wa pa ulendo amuona.

Tifike tsono pa mseu. Kuyambira masiku a Johnston kufikira 1975 likuru la dziko linali ku Zomba, ndi malonda ku Blantyre, ndipo ife tiri pakati pa ziwirizi. Amtengatenga onyamula makalata anali kupyola pano ndi miyendo, ndipo kanyumba kao kopumulira kakali ciimire pa Namaka. Bwanamkubwa, oweruza, alembi, ophunzira a ku Chancellor College, onse apita pa mseu uwu. Palibe munthu wochuka wa kum'mwera kuno amene sanaone Namadzi pa zenera la galimoto. Koma anaona ciani? Galimoto iima mphindi zitatu. M'mphindi zitatuzo munthu aona anyamata oitanira minibasi akulimbirana katundu, woledzera mmodzi ali pa khonde la sitolo, zinyalala za pa msika, ndi nyumba zakale zosapaka laimu. Mai amene anadzuka tambala woyamba kukathirira dimba lace m'mbali mwa mtsinje samuona. Mphunzitsi ali m'kalasi, shehe ali ku madrasa, mlimi wa nandolo ali kumunda, onsewo samuonekera. Mudzi wa kutali ndi mseu uli nao oledzera ace ndi akuba ace, koma palibe wowaona. Ife tikhala ngati nyumba yopanda citseko ca kucipinda.

Nyumba zakale zija ziri ndi nkhani yacenso. Malo a malonda a m'mbali mwa mseu uno anakula ndi masitolo a Amwenye, amene anagula mbeu kwa alimi nagulitsa nsaru, mcere ndi makasu. M'zaka za 1970 Boma la Dr. Banda linalamula kuti Amwenye acoke m'midzi nakacite malonda m'mizinda yaikuru yokha. Colinga cinali cakuti eni dziko atenge malondawo, ndipo ena anayesadi. Koma analibe cuma coyambira, kapena wowakongoza katundu ku Limbe, ndipo masitolo ambiri anatsekeka kapena anasanduka mogulitsira mowa. Likuru litasamukira ku Lilongwe, ndi magalimoto a Boma anacepa pa mseu uno. Munthu wopita aona khoma long'ambika nati anthu a pano ngaulesi, osadziwa kuti khomalo linang'ambika ndi lamulo lolembedwa kutali.

Palinso kanthu kena kamene ife ogwira nchito ya makalata tikaona kawiri kawiri, ndipo tiyesa kuti Msonkhano sunakaganizirepo. Pa Namadzi pali polisi, pali cipatala, pali msika, ndipo zimenezi zitumikira midzi yambiri mbiri ya kutali. Munthu akabaya mnzace pa mudzi wa mitunda isanu kapena khumi kucokera pano, nkhani ifika ku nyuzi ndi ku wailesi ndi dzina la polisi imene yagwira mlanduwo. Womvera ku Lilongwe samva dzina la mudzi uja, amva Namadzi. Galimoto zikaombana pa mseu, ati ngozi ya pa Namadzi. Tisenza mitolo ya midzi yonse yotizinga, ndipo ikacitika nkhani yabwino, mwana wa m'midzi yomweyo akapambana mayeso, achula dzina la sukulu yace ndi la mfumu yace, la Namadzi osamveka. Ndiponso tikhala pa malire a maboma awiri, Chiradzulu ndi Zomba. Wakuba mbuzi tsidya lino aigulitsa tsidya lija. A uko ati akuba acokera kwa ife, ifenso titi acokera uko. Ndipo mabwana a maboma onse awiri akhala kutali ndi ife, yense nayesa kuti mnzace ndiye ayang'anira.

Dzina la boma lathu lonse linalandiranso mabala ena m'zaka zapitazi, ndipo Namadzi, pokhala khomo limene anthu alidziwa, anagawana nao. Ca m'caka ca 2000 akazi anaphedwa mwankhanza m'midzi ya Chiradzulu, dziko lonse nilicita mantha, ndipo kwa nthawi yaitari munthu akati ndicokera ku Chiradzulu anzace anali kuseka moipa. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje nifalikira m'maboma a kuno, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi makamu cifukwa anali alendo pa malo. Za nthenda ya Edzi tinene mosamala. M'caka ca 2001 madokotala a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere m'boma lino, pamene m'zipatala zambiri za Boma anali asanafike. Pambuyo pace mankhwalawo anafika ndi ku zipatala zazing'ono, ca pa Namadzi pano cikhala cimodzi ca izo. Anthu a kuno anayezetsa magazi ao mwaunyinji, nawerengedwa, ena nadza kucokera ku maboma ena kudzafuna moyo. Ndipo akunja pomva ziwerengerozo anati Chiradzulu ndiye mwini nthenda. Coonadi ncakuti kuno nkumene dziko linaphunzira kuti munthu wa kumudzi akhoza kumwa mankhwala amenewa mokhulupirika nakhala ndi moyo, ndipo ambiri amene ayenda lero m'Malawi muno apindula ndi phunziro limenelo. Natanayeli uja anakayika za Nazarete asanapiteko. Ndipo anthu otero sanathe.

Koma, Mafumu, tikaimira pamenepa tidzakhala ngati nkhoswe yomva mbali imodzi. Ziripo zinthu zimene anena zimene ziri zoona, ndipo sizinadze ndi Bruce. Alipo pakati pathu ogulitsa kacasu kwa ana a sukulu m'mawa dzuwa lisanakwere. Alipo eni nyumba za lendi amene alandira munthu usiku osamufunsa kumene acokera, malinga ndalama yaoneka, ndipo katundu wakuba agona m'nyumba zimenezo. Alipo ogula cimanga ca ciwisi ndi mbuzi pa mtengo umene mwana yemwe adziwa kuti ngwa cinthu cakuba. Alipo makolo amene atuma mwana wamkazi kukagulitsa mandasi pa malo oimapo malole usiku, nalandira ndalama yoposa mtengo wa mandasiwo osafunsa kanthu. Ndipo coipa coposa zonse, cimene cionongadi dzina la malo m'tsiku limodzi, ndico kudziweruzira: munthu akapfuulidwa kuti wakuba, khamu litola miyala ndi petulo, ndipo masiku ano pali mafoni ojambula, cotero dzuwa lisanalowe cithunzico cafika pa WhatsApp ku Johannesburg. Munthu wophedwayo kawiri kawiri ndi mlendo wopanda womudziwa, kapena wodwala misala. Midzi imene makolo ace anafika ali alendo, atasenza mitolo pa mutu, nalandiridwa, siyenera kukhala yoyamba kuponya mwala kwa mlendo. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ndipo ife tiri kununkha cifukwa ca anthu amene tikhoza kuwawerenga ndi zala, amenenso maina ao nyakwawa iri yonse iwadziwa.

Taonani kuti pa zoipa zonsezi palibe cimodzi cimene ciri ca mtundu. Wogulitsa kacasu ndi wogula mbuzi yakuba apezeka mwa Alomwe, mwa Ayao ndi mwa Amang'anja mofanana. Koma mlandu ukabuka, funso loyamba limene limveka pa msika ndi lakuti, kodi ngwa mtundu wanji? Ndipo pa nyengo ya masankho adza anthu a ndale ndi nsaru zao, nauza mtundu uwu kuti uwo ndiwo ukudyerani. Iwo akapita, ife titsala tikuyang'anizana pa mjigo umodzi. Sititsutsa kuti munthu akondwere ndi mtundu wace. Chopa wa Alomwe, amene kale anabvinidwa mobisa ndi manyazi, analembedwa ndi UNESCO mu 2014 m'gulu la cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, ndipo ife tonse tinakondwera. Cimene tikana ndi kutenga mtundu ngati ndodo. Ngati ife eni ace tinenana kuti awo ndiwo akuba, wa pa galimoto uja adzangosonkhanitsa mau athu onse nati, onse a pamenepo ngakuba, pakuti anena okha.

Tsono Komiti iri ndi zopempha, ndipo zambiri ziri m'manja mwa inu Mafumu, zosafuna ndalama ya Boma. Mwambo wakale unali wakuti mlendo wofuna kugona pa mudzi aonekere kwa mfumu, ndipo womusunga amuimire. Mwambo umenewu unateteza mudzi, koma unatetezanso mlendo, pakuti munthu wodziwika kwa mfumu khamu silimukhudza. Tipempha kuti ubwerere, ndi kuti ufike pa nyumba za lendi za pa msika, pamene unafera. Mwini nyumba ali yense akhale ndi kabuku kolembamo amene agona mwace, ndipo nyakwawa ikaone mwezi ndi mwezi. Tipemphanso kuti mafumu a tsidya lino ndi a tsidya la Zomba akomane kawiri pa caka, pamodzi ndi akuru a polisi a mbali zonse ziwiri, ndi kuti mbuzi kapena ng'ombe isagulitsidwe pa msika popanda kalata ya mfumu ya kumene yacokera. Lamulo limeneli lilipo kale m'madera ambiri, langogona. Pa bwalo la milandu, mfumu ikamva wina ayamba ndi kuchula mtundu wa mnzace, imuletse pomwepo, monga iletsa wotukwana.

Za ana athu tiri ndi cisoni capadera. Mwana wa pa Namadzi aphunzira za Magomero m'buku monga ngati ndi dziko la kutsidya la nyanja, osadziwa kuti mtsinje umene asambamo ndi womwewo, ndi kuti manda a Burrup ndi malo a chalichi la Chilembwe pa Mbombwe ali pa mtunda wakuti akhoza kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Mzungu wina, Landeg White, anakhala pansi ndi nkhalamba za m'midzi yino nalemba buku lathunthu la mbiri ya Magomero, loturuka mu 1987, ndipo liwerengedwa m'masukulu akuru a maiko ena. Koma tikafunsa m'nyumba muno amene analigwirapo, manja adzakhala owerengeka. Tipempha aphunzitsi amene ali mamembala athu kuti apite nao ana kumeneko kamodzi pa caka, ndi kuti nkhalamba zimene zikumbukira thangata ndi njala ya 1949 zifunsidwe, mau ao nalembedwe m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Cilomwe, pakuti zatsala zocepa ndipo dzinja liri lonse licotsapo.

Cotsiriza ndi kalata imene Komiti yakonza, yopita kwa Bwana D.C. wa Chiradzulu, ndi zofanana zace kwa akuru a polisi ndi kwa akonzi a nyuzi ndi a wailesi. M'kalatamo tipempha zinthu ziwiri: kuti pofalitsa nkhani ya mlandu achule mudzi ndi mfumu ya kumene cinthu cacitikira, osati dzina la polisi lokha, ndi kuti gawo la ndalama za ziphaso zimene amai athu apereka pa msika tsiku ndi tsiku libwerere kuno, likamange zimbudzi ndi dzala la zinyalala, ndi kuika nyali pa malo oimapo galimoto. Kalatayi siidzapita popanda cilolezo canu. Mlembi adzaiwerenga tsopano ndime ndi ndime, ndipo Mfumu iri yonse kapena membala wofuna kusintha mau aimirire nanene. Amene abvomera adzasaina kapena kudinda cala pa tebulo la Wapampando tisanabalalike, ndipo makope a kalata uyu a midzi ya kutsidya adzatengedwa ndi nyakwawa zao lero lomwe.